Mlendo wa M'thumba la Malaya

Misa yam'mawa itatha ku Likuni
bambo mfumu anandipatsa kabokosi kozungulira,
kosaposa chivindikiro cha botolo la mafuta odzola,
nati, "Pitani, musaime panjira."
Ndinakaika m'thumba la malaya, kumanzere,
n'kutseka batani.

Mu minibasi tinakhala anayianayi.
Bondo langa linatsamira thumba la makala,
chigongono cha mnyamata wina chili m'nthiti mwanga,
nkhuku yomangidwa miyendo ikundiyang'ana ndi diso limodzi.
Nditapereka ndalama, kondakitala anafunsa,
"Ya angati, akulu?"
Ndinatsala pang'ono kunena kuti awiri.

Palibe anagwada. Belu silinalire.
Wailesi inkakamba za mtengo wa feteleza,
amayi awiri akukangana za chenji,
ndipo Iye amene anayala nyenyezi
ankagwedezeka nafe m'maenje a msewu,
fumbi la Okutobala likulowa pa zenera losweka.

Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo.
Ndimadziwa kulemera kwa chitseko, kwa geti,
kwa zotchingira mbava m'mazenera.
Ichi sichilemera ngakhale ngati tsamba louma.
Nanga bwanji phewa langa lapendekera mbali imodzi?
Masiku ena ndimakhulupirira ngati mwana,
masiku ena mtima umangoti ndi ufa ndi madzi basi,
koma ngakhale tsiku lotero
dzanja langa silichoka pathumba.

Ndinatsika pa Chinsapo.
Kuseri kwa chigayo, kulumpha ngalande,
nyumba yachitatu ya zidina, chitseko chobiriwira.

Mayi Sikolasitika anakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
pa benchi lakumbuyo.
Ukwati wawo sunadalitsidwe,
bambo akunyumba ankangoti chaka chamawa, chaka chamawa,
mpaka tinawaperekeza kumanda.
Anzawo akamandanda kupita kuguwa
iwo ankaimba mokweza kuposa onse,
akumeza malovu.
Lachinayi wansembe anabwera kudzamva kulapa kwawo.
Lero khomo latseguka
pamene kukhosi kwatsekeka,
ngakhale phala likubwerera.

Mdzukulu wawo Tadala anayala nsalu yoyera pa kampando,
kandulo ataiimika pakamwa pa botolo.
Tinapemphera. Mawu anga ankanjenjemera,
a iwo sankamveka, milomo yokha.
Ndi zala zanga za zipsera
ndinanyema kachidutswa kochepa ngati chikhadabo cha khanda.
Anatiphunzitsa kuti m'kanyenyeswa ali yense wathunthu,
sachepa pogawidwa.
Ndinali ndisanazimvetse mpaka pamenepo.

"Thupi la Khristu."

Amen wawo anatuluka pang'onopang'ono
ngati chitseko chadzimbiri chimene sichinatsegulidwe kalekale.
Tadala anawamwetsa madzi pa supuni.
Tinadikira.
Kholingo linakwera, linaima,
linatsika.

Chotsalacho ndinadya ine, monga mwa lamulo,
mkate umodzi pakati pa iwo ndi ine,
wodwala ndi wokayika.

Kunja chigayo chinkalirabe, ngakhale linali Lamulungu,
chikuphwanya mbewu za anthu.
M'nyumbamo munali zii.
Kenaka anatsegula maso, nandiyang'ana
ngati munthu wochokera ku phwando lakutali,
nati, "A Likongwe, ndakhuta."
Mbale ya dzulo inali pansi pa bedi, yosakhudzidwa.

Pobwerera sindinakwere galimoto.
Kabokosi kopanda kanthu kankagunda pachifuwa.
Ndinadutsa ogulitsa tomato, okonza matayala,
wakabaza akugona pa njinga yake,
mtsikana atasenza ndowa, madzi akumutayikira m'khosi,
woledzera wina akulankhula ndi mtengo wa magetsi.
Ndinkawapatukira onse mwaulemu,
chipewa chili m'manja.
M'mawa uja palibe anadziwa chimene ndinanyamula.
Nanga ine ndidziwa bwanji
amene akuyenda mwa iwo?